Ndinamuuza Sajeni Kuti Apirire

Ntchito ya mafizo sindinaifune ine, inangondigwera. Ndinafika ku Chintheche kuchokera kwathu ku Ntcheu nditangolemba mayeso a Folomu 4, kutsatira msuweni wanga amene ankaphika pa loji ina cha ku Kande. Anali atandipezera malo operekera zakudya kwa alendo. Tsiku loti andiyese, mkulu wa pa lojipo anandiitana ndi mluzu ngati akuitana galu. Ndinamufunsa ngati bambo ake amawaitananso choncho. Nkhani inathera pomwepo, yunifolomu sindinaivale n'komwe, ndipo msuweni wanga anatha masiku awiri osandilankhula.

Tsiku lachitatu anabwera ndi uthenga umene anaumva ku tchalitchi. Mayi Nyakamanga, amene anagwira ntchito ya mafizo zaka zambiri ku chipatala chachikulu asanabwerere kwawo, anali atatsegula kachipinda kuseri kwa kachipatala kena pafupi ndi msika. Ankafuna mwamuna wa manja olimba woti azinyamula odwala, wodziwa kulemba, komanso wolankhula Chichewa chosasakaniza. Chifukwa chake chinali chakuti asilikali a pa kampu ina ya m'mbali mwa nyanja anali atayamba kutumizidwa kwa iwo, ndipo asilikaliwo anali ochokera m'maboma onse, Chitonga sankachimva.

Mayiwo anandiyang'ana m'manja, anandilembetsa mizere iwiri papepala, n'kundiuza kuti ndinyamule benchi. Kenako anandifunsa funso limodzi, akunditchula mwa Chitonga: "Ada Gama, mumakwiya msanga?" Ndinati ayi. Anandilemba ntchito tsiku lomwelo.

Amene sanalowepo m'chipinda cha mafizo cha kumudzi amaganiza kuti muli makina. Munalibe. Munali bedi loyezerapo, tebulo, ndodo ya tsache yopanda tsache, chingwe chodutsa pa kawilo komangidwa pamwamba pa chitseko, mabotolo a pulasitiki odzaza mchenga wa kunyanja olembedwa kulemera kwake, ndi mphira zodula ku chubu cha njinga, chifukwa mphira zenizeni za mafizo zinali zitatha kale. Chipangizo chokhacho chochokera kutali chinali kapulasitiki koyezera ngodya, konga kamene tinkagwiritsa ntchito pa masamu kusukulu, koma kokhala ndi manja awiri aatali. Kameneko Mayi ankakasunga m'thumba la diresi.

Asilikali ambiri ankabwera ndi mapewa. Anali anthu opalasa maboti, onyamula mainjini ndi zikwama zolemera. Mayi anandiphunzitsa kuti phewa lili ngati mpira wokhala pa kambale kakang'ono, ndipo chimene chimaugwira kuti usagwe ndi minofu inayi yokhala ndi mitsempha yolimba yomatirira ku fupa. Mtsempha wa pamwamba ndiwo umavutika kwambiri. Ukang'ambika pang'ono sathamangira kucheka. Dokotala wa asilikali ankapereka masabata khumi ndi awiri a mafizo ndi mapiritsi ochepetsa kutupa, kenako n'kubwera kudzaona yekha amene wachira ndi amene akufunika opaleshoni. Ambiri ankachira.

Ndondomeko yake inali yosasintha. Poyamba mkono upume, usanyamule kanthu kopitirira phewa. Tinkaika botolo la madzi otentha lokulunga m'thaulo kwa mphindi khumi, kenako wodwala n'kuweramira tebulo, mkono uli lende, uzizungulira wokha popanda mphamvu. Pomaliza ayisi, amene ndinkakatenga m'mawa kwa ogulitsa nsomba. Pakapita masabata awiri kapena atatu tinkayamba ndodo ndi chingwe, dzanja labwino kumathandiza lodwala kukwera, ndiponso kukwera khoma ndi zala, ine n'kumalemba ndi choko pamene wafika. Pambuyo pake chubu: chigongono chimatire m'nthiti, thaulo lopinda kukhwapa, kukokera kunja pang'onopang'ono, kakhumi, katatu. Mabotolo a mchenga anali omalizira.

Pamwamba pa zonsezi panali nambala ya ululu. Wodwala aliyense ankafunsidwa asanayambe, ali pakati, ndi akamaliza: kuyambira ziro mpaka teni, ululu uli pati? Mpaka pa atatu tinkapitiriza. Kuposa apo tinkachepetsa. Koma ululu woluma ngati singano, kapena wachilendo umene wodwala sanaumvepo, unali woimitsa zonse nthawi yomweyo, kuika ayisi, kulemba m'fayilo ndi kuwauza Mayi. Izi anandiuza kangapo ndipo ndinkazidziwa bwino lomwe. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti zimene zinachitikazo zinachitika chifukwa cha umbuli.

Asilikali sakonda kudikira. Sabata yachiwiri yokha ankayamba kufunsa tsiku lobwerera ku maboti. Mayi anali ndi yankho limodzi kwa onse, ndi Chichewa chawo chopendekera ku Chitonga: "Pirirani, ada, masabata khumi ndi awiri si chaka." Mawu akuti pirirani ankamveka m'chipindamo tsiku lililonse, ndipo aliyense ankadziwa kuti akunena za kudikira masiku.

Sajeni Makwinja anabwera ndili ndi miyezi isanu pa ntchitoyo. Anali wa ku Phalombe, wamfupi, wa khosi lonenepa, wa zaka pafupifupi makumi anayi. Anavulala potsitsa injini pa boti nthawi ya mphepo ya mwera. Funde linakoka botilo injini ili m'manja mwake, iye osaitaya. Chikalata chimene anabwera nacho chinati mtsempha wa pamwamba wa phewa lamanja wang'ambika pang'ono, ayambe mafizo. Tsiku loyamba lomwelo anauza Mayi mosabisa kuti mpeni sakuufuna. Anati amene wachekedwa amakaonekera kwa madokotala oweruza za umoyo, ndipo ambiri sabwereranso ku maboti, amawaika kokhala pansi mpaka apume. Dzina lake linali pa mndandanda wa opita ku maphunziro okwezedwa udindo chaka chimenecho. Analowa usilikali ali mnyamata, ntchito ina sankaidziwa. A Meja, dokotala wawo, akadzabwera sabata ya khumi ndi chiwiri, ankafuna adzamupeze mkono ukukwera.

Kwa Mayi anali waulemu. Kwa ine ayi. Anandipatsa dzina loti adokotala a chubu. Akalowa ankafunsa ngati ndamaliza kumata matayala kuti ndiyambe za anthu. Tsiku lina anabwera ndi pampu ya njinga n'kuiika patebulo, akuti ndingaifune pomupima. Anzake ankaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo dzinalo linafika mpaka ku msika, amayi ogulitsa usipa n'kumandiitana choncho. Panopa ndimaona kuti anali munthu wamantha amene ankabisa manthawo ndi nthabwala. Nthawi imeneyo ndinkangomva magazi akuwira m'makutu.

Sabata yachisanu Mayi anapita ku maliro a mlamu wawo ku Bandawe, masiku atatu. Anandisiyira malangizo m'fayilo iliyonse. M'fayilo ya Sajeni analemba kuti chubu chimodzi, kakhumi katatu, osawonjezera kanthu. Lachinayi Sajeni anabwera ndi asilikali ena awiri, ndipo ataona kuti Mayi kulibe anati lero ndiye chipatala chili m'manja mwa okonza njinga, amene ali ndi mawu omaliza anene. Anaseka onse. Ine ndinamangirira chubu pa chitsulo cha zenera, ndinamuika thaulo kukhwapa, ndinayamba kuwerenga.

Atafika pa kasanu ndi kawiri ulendo wachiwiri, anaima. Nkhope inasintha. Analankhula motsitsa, osati ndi mawu ake a nthabwala aja: "Adokotala, apa pakuluma mwachilendo lero."

Ndinkadziwa choyenera kuchita. Koma ndinaona anzake awiri aja akumvetsera, ndipo ndinaona kuti mpata wanga wafika.

"Kodi ndinu msilikali kapena ayi?" ndinatero mokweza. "Pirirani, Sajeni. Agogo a sitiroko amene amabwera m'mawa aja salira chonchi."

Awiri aja sanaseke. Mmodzi anayang'ana pansi. Sajeni anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anawongoka n'kunena kuti, "Chabwino, bwana." Aka kanali koyamba kundiitana bwana. Anagwira chubu, anamaliza kakhumi kaja, anamalizanso ulendo wachitatu. M'fayilo ndinalemba kuti palibe chachilendo. Ndinabwerera kunyumba tsiku limenelo ndikudzimva kuti ndamuika pamalo ake.

Kuyambira pamenepo nthabwala zinatha. Ankalowa pa nthawi yake, kupereka moni, kuvula jekete, kuima pamalo ake. Ndikafunsa nambala, yankho linali ziro. Asanayambe ziro, pakati ziro, pomaliza ziro. Anzake nawonso anasiya kunditchula dzina lija. M'chipindamo munkakhala zii, kumangomveka kawilo ka chingwe kakulira ndi mawu anga owerenga. Poyamba ndinkati ndi ulemu. Kenako ndinayamba kulakalaka atanditukwanako.

Mayi atabwera ku maliro anadwala malungo sabata yathunthu, ndipo atachira, masiku a asilikali ankawombana ndi masiku awo oyendera odwala m'midzi. Ankangowerenga fayilo. Poona maziro aja anandilola kupinda chubu pawiri, kenako kuyamba botolo la theka la kilogalamu. Ine ndinafika mpaka pa botolo la makilogalamu awiri. Mizere ya choko pakhoma inkakwera sabata iliyonse, koma ndinkaona mmene ankafikira pamenepo: ankakweza phewa lonse mpaka kukhutu, n'kupendeketsa thupi, zala n'kumakwawa pakhoma zikukoka mkono. Potsitsa sankauchotsa pakhoma, ankautsetsereka. Munthu wa phewa limene likuchira satero. Ndinkalemba mzere wa choko n'kuyang'ana kumbali.

Panalinso zina. Chitseko anayamba kutsegula ndi dzanja lamanzere. Kapu ya madzi ankalandira ndi lamanzere, n'kupepesa. Jekete ankayamba kulowetsa mkono wamanja, mosamala ngati akuveka mwana wogona. M'mawa wa mwera, ife tikunjenjemera, iye thukuta linali kamukamu pamphumi. Tsiku lina m'thumba la jekete munagwa mapaketi atatu a mapiritsi a ululu, onse opanda kanthu, si aja anamupatsa dokotala.

Loweruka lina ndinakumana ndi mmodzi wa asilikali awiri aja pa siteji ya minibasi. Anandikokera pambali n'kundiuza kuti Sajeni m'mawa uliwonse amapita kuseri kwa nyumba yosungira maboti, n'kumanyamula chigubu cha madzi ndi mkono womwewo mpaka misozi. Anzake akamuletsa amati achipatala anamuuza kuti apirire. Msilikaliyo anandifunsa ngati zimenezo zilidi m'ndondomeko. Ndinamuyankha mwaukali kuti ntchito yanga asandiphunzitse. Lolemba ndinalowa m'chipinda ndikuti ndiwauze Mayi, kenako ndinaona kuti kuwauza za chigubu n'kuwauzanso za Lachinayi lija. Ndinadziuza kuti kwatsala masabata atatu, mwina lichira lokha.

Mayi anamuona okha Sajeni pa khomo sabata yachisanu ndi chinayi, iwo akutuluka iye akulowa. Anaima n'kumuyang'anitsitsa mapewa. Anamufunsa nambala, iye anati ziro. Madzulo ake anandiuza kuti phewa la Sajeni silikuwasangalatsa, ndipo Lachinayi lotsatira sapita ku midzi, amuvula malaya amuyeze bwinobwino. Lachinayi limenelo silinafike. Lolemba kunabwera uthenga kuchokera ku kampu kuti a Meja ali paulendo woyendera makampu a kumpoto, ndipo adzaona odwala onse Lachiwiri m'mawa, masabata awiri nthawi isanakwane.

Lachiwirilo mwera unayamba m'bandakucha. Mchenga unkalowa pansi pa chitseko, malata akugogoda, ndipo ogulitsa nsomba analibe ayisi chifukwa palibe amene analowa m'madzi. Asilikali asanu anafika pa ola lachisanu ndi chitatu. Masiku onse ankabwera atavala zochitira masewera, opanda chipewa. Tsiku limenelo anavala yunifolomu yonse, mabuti opolisha, zipewa kumutu. Ndinali ndisanaganizepo kuti kusiyana kwake n'kotani. Msilikali wopanda chipewa akaona bwana wake amangowongoka. Wovala chipewa ayenera kupereka sawatcha, ndipo sawatcha ndi ya dzanja lamanja. Pa asanuwo wamkulu anali Sajeni, ndiye woti apereke m'malo mwa onse.

Onse anakhala pa benchi. Sajeni anali atagwira chigongono chamanja ndi dzanja lamanzere, akuyang'ana khoma la choko lija. Tinadikira pafupifupi ola. Kenako galimoto yobiriwira inaima panja.

A Meja anali munthu wochepa thupi, wa magalasi, woyenda mosafulumira. Atangoponda pakhomo, Sajeni anafuula lamulo, onse asanu n'kuimirira nthawi imodzi, mabuti kugunda simenti. Kenako Sajeni anaponya mkono m'mwamba. Ndikuti anaponya chifukwa sanaukweze, anauponya ndi thupi lonse. Dzanja linafika pafupi ndi khutu, linakhala pamenepo kwa kamphindi, kenako mkono wonse unagwa n'kumenya ntchafu, phwa, ngati nsalu yonyowa. Anayesanso. Ulendo uno sunafike n'komwe pa phewa. Kachitatu anagwira dzanja lamanjalo ndi lamanzere kuti alikweze.

"Basi, Sajeni," anatero a Meja. Sanakweze mawu.

Anamuvula malaya iwo eni. Kuseri kwa phewa, pamwamba pa fupa, pamene pamayenera kukhala mnofu, panali polowa moti n'kuikapo zala zitatu. Mayi anagwira pakamwa. A Meja ananyamula mkonowo n'kuutambasulira kumbali mpaka kufanana ndi phewa, anamuuza kuti augwire pomwepo, n'kuusiya. Unagwa. Anabwereza, unagwanso. Sajeni sanatulutse mawu, koma mitsempha ya m'khosi inali itatuluka.

Kenako a Meja anapempha fayilo. Anaima pafupi ndi zenera n'kumatsegula masamba, akuwerenga mokweza pang'ono. Ziro. Ziro. Ziro. Botolo la kilogalamu imodzi, ziro. Makilogalamu awiri, ziro. Chitseko chinkagunda ndi mphepo ndipo palibe amene anapita kukachitseka. Atamaliza anafunsa Sajeni kuti mkono unayamba liti kutha mphamvu. Anati sabata yachisanu. Anamufunsa chifukwa chake sananene.

"Ndinanena, bwana. Ndinauzidwa kuti ndipirire."

"Anakuuzani ndani?"

Sajeni anayang'ana khoma. A Meja anafunsanso kachiwiri, iye osayankha. Asilikali awiri amene analipo Lachinayi lija anali pomwepo pa mzere, nawonso maso ali kutsogolo. Ine ndinali pafupi ndi tebulo, ndikuwerenga masitepe ofika pakhomo.

Ndiye Mayi analankhula. Anati ndi iwo, mawu amenewo amawauza odwala onse tsiku ndi tsiku, ndipo ngati Sajeni anawamva molakwika, mlandu ndi wawo. Ankakhulupirira zimene ankanenazo. Sankadziwa kalikonse za Lachinayi lija. A Meja anatembenukira kwa iwo n'kutulutsa cholembera m'thumba.

Ndikanakhala chete zikanathera pomwepo. Sajeni sakanandiulula, ndinali nditaona kale. Ndipo sindinama, chimene chinayamba kundibwerera sichinali chisoni, unali mkwiyo womwe uja. Ndinkafuna kunena za pampu ya njinga, za dzina lija, za amayi a usipa, kuti munthuyu anandiyamba yekha. Mawu onsewo anali okonzeka. Koma ndinaona nsonga ya cholembera ili pa pepala, pansi pa dzina la Mayi.

"Si iwo, bwana," ndinatero. "Ndine. Iwo anali ku maliro."

A Meja anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anandiuza kuti ndibwereze mawu enieniwo mmene ndinawanenera, osachotsa ngakhale limodzi. Ndinabwereza. Zakuti ndinu msilikali kapena ayi, zakuti pirirani, mpaka za agogo a sitiroko. M'chipinda chopanda phokoso mawuwo anamveka onyansa kuposa tsiku limene ndinawanena. Anandifunsa ngati Sajeni ananena kuti ululuwo ndi wachilendo. Ndinati inde. Anandifunsa ngati ndinkadziwa tanthauzo lake. Ndinati inde. Anandifunsa chimene ndinalemba m'fayilo tsiku limenelo, ngakhale fayiloyo inali m'manja mwawo. Ndinanena.

Ndinkayembekeza mbama, kapena kuti auze anyamata awo anditengere kuseri. Sanatero. Anati, "Msilikali akauzidwa chinthu ndi wachipatala pamaso pa anyamata ake, limenelo ndi lamulo. Ife timawaphunzitsa kupirira zaka ndi zaka kuti asamve thupi lawo. Inu mwangoika loko pa chitseko chimene tinatseka kale." Kenako anafotokozera Mayi, osati ine, kuti mtsempha ukaduka wonse umabwerera m'mbuyo ngati mphira, ndipo sabata iliyonse imene yadutsa umafupika n'kuuma. Tsiku limene unayamba kuluma ukanapumitsidwa, mwina sukanaduka. Ukanadukabe, akanausoka msanga. Tsopano padutsa masabata asanu, ndipo sakudziwa ngati ochita opaleshoni akaufikire.

Sajeni anakwera galimoto yomweyo, mkono uli m'nsalu yokoleka m'khosi imene Mayi anamumangira. Potuluka sanandiyang'ane. Asilikali anayi otsalawo anapimidwa mmodzimmodzi, ndipo aliyense podutsa pafupi ndi ine ankandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

Mayi sanandichotse ntchito, ndipo mpaka lero sindidziwa chifukwa chake. Atachoka onse, Mayiwo anakhala pa bedi loyezerapo. Chimene ananena ndi ichi chokha: "Mawu aja ndi anga, ada Gama. Koma ine ndimanena za masiku, sindinena za ululu." Anandichotsa pa mapewa, ndinabwerera konyamula odwala ndi kuchapa mathaulo. Ku kampu anasiya kutumiza anthu kwa miyezi iwiri. Ine ndinasiya kudutsa pa msika, ndikaona yunifolomu patali ndinkalowa njira ya m'chinangwa. Palibe amene anandiopseza ngakhale kamodzi. Ndinkangodikira.

Patapita masabata asanu ndi limodzi chichitikire opaleshoni, m'mawa wina ndikukolopa, ndinamva mabuti pakhonde. Anali Sajeni, ataonda, mkono uli m'nsalu, chikalata chili m'dzanja lamanzere. Ochita opaleshoni anasoka mbali imene anaifikira, ina inakana. Anafunika mafizo a miyezi yambiri, ndipo a Meja anamupatsa ufulu wosankha kokachitira. Mayi anamuuza kuti amugwira okha. Iye anati ayi, akufuna ine.

Ndinaganiza kuti ndi njira yake yondilangira. Ndinamufunsa mosabisa kuti bwanji ine, pamene ndine ndinamuwononga.

"Chifukwa inu mkono uwu mukuuopa tsopano," anatero. "Wina aliyense sauopa."

Tinagwira ntchito miyezi isanu ndi iwiri. Masabata oyamba iye sankachita kanthu, ndinkanyamula ndine kulemera konse kwa mkonowo, dzanja limodzi pa chigongono, lina pa dzanja lake, kuukweza pang'onopang'ono mpaka pamene chikalata chinalola. Maso anga sanali pa mkono, anali pa nkhope yake. Tsiku loyamba ndinamuuza pamaso pa Mayi kuti popeza mawu anga amawatenga ngati lamulo, lamulo ndi ili: pakaluma aime, anene, ndipo akabisa waphwanya lamulo. Anati wamva. Anayamba kunena manambala enieni, anayi, asanu ndi limodzi, tsiku lina asanu ndi atatu, ndipo tinkaima. Dzina la adokotala a chubu linabwerera mwezi wachitatu. Ine ndinangopitiriza kuwerenga.

Mkono unakwera pang'onopang'ono kenako unaima. Mayi anayeza ndi kapulasitiki kawo masabata anayi otsatizana, nambala osasuntha. Unkafika pofanana ndi phewa basi. Madokotala oweruza za umoyo anamuchotsa ku maboti n'kumuika kosungira mayunifolomu ndi mabuti. Maphunziro aja anapita wina.

Ndakhala pa ntchitoyi zaka zoposa makumi awiri tsopano, ndinakachitanso maphunziro ake, ndipo mapewa a asilikali ndagwira ambiri. Ndimakhulupirirabe kuti kuyamba ndi mafizo n'kolondola, ambiri amachira osaona mpeni. Koma njira imeneyi imayenda ndi chinthu chimodzi, chakuti wodwala anene zoona za ululu wake, ndipo msilikali anaphunzitsidwa kusanena. Ndiye aliyense wovala yunifolomu ndimamupatsa lamulo lija tsiku loyamba, ndisanamugwire n'komwe. Akanena ziro maulendo atatu otsatizana sindikondwera, ndimaika fayilo pansi, ndimamuvula malaya, ndimaunyamula mkono n'kuusiya kuti ndione ndekha. Mtima wanga wapachala sunathe, akazi anga angakuuzeni. Koma ukandikwera ndili ndi wodwala, ndimatuluka panja kaye, chifukwa ndinaona kuti m'chipinda chimenechi munthu wamng'ono ngati ine akalankhula, amamveredwa.

Sajeni Makwinja anapuma ntchito ali Sajeni yemweyo, anabwerera kwawo ku Phalombe. Khasu amalima nalo, koma thumba la chimanga sangaliike pamutu yekha. Mkono wake umafika pa phewa n'kuima, ndipo pamene umaimapo ndinauikapo ndine.